Kamwaye Akuthamanga

Malbork
Lolemba, 21 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga Witek,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe, mkazi wako Sunniva ndi mdzukulu wanga Ola. Kodi chifuwa cha Ola chija chinatha? Nanga msana wako ukuusamala ku ntchito yako yokonza zombo ija? Kuno kwayamba kuzizira. Madzi otenthetsa m'nyumba anatitsegulira pa 9, mochedwa ndi masiku anayi poyerekeza ndi chaka chatha.

Ukudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Chaka chino watiimbira kasanu ndi kanayi, ndipo ndikaphatikiza zonse tayankhulana mphindi 41. Sindikukudzudzula ayi. Kungoti zimene ndikufuna kunena sizingakwane m'mphindi zinayi ndi theka.

Maphukusi ako onse awiri anafika. Zikomo. Loyamba, la kaseti yatsopano ija yolowetsamo kakhadi konga ka m'foni, linafika pa 27 Seputembala. Lachiwiri, la makina a masewera a ku Japan, linafika pa 8 mwezi uno. Pa foni ndinakuuza kuti zonse zili bwino. Ndinanama. Lero ndi tsiku la 37 mkulu wako Leszek asanasewere bwinobwino Kamwaye wake, masewera ake a pa kanema aja.

Ukudziwa mmene tsiku lake limayendera. Ali ndi zaka 43, koma ndondomeko yake sinasinthe kuyambira muli ana. Akadya chakudya cha masana amapukuta m'manja, amatulutsa kaseti yachikasu m'thumba la malaya, amaiuzira kawiri, n'kuilowetsa m'makina. Kenako maola atatu a mtendere, kamunthu kosesa machumuni kaja kakudumpha madenga. Akatero amadya madzulo, amalola kusamba, amagona. Popanda maola atatu amenewo tsiku lonse limagwa ngati mpanda wopanda mizati.

Kuyambira pa 14 Seputembala, tsiku limene kaseti yachikasu inafa, watsika ndi makilogalamu 6. Wadzimenyetsa mutu kukhoma la kukhitchini masiku 22 mwa masiku 37. Mapierogi amene amawakonda aja, timitanda ta ufa tokulunga tchizi, ndinamuphikira Lamulungu, anadya awiri, ena khumi anangowayang'ana. Mayi Halina a m'nyumba ya pansi pathu anabwera kudzagogoda. Anati: a Leokadia, ine sindikudandaula phokoso, ndinalera anyamata atatu ndipo mwamuna wanga ankaimba lipenga, koma inuyo mukuoneka ngati kandulo ya chaka chatha. Ndinawathokoza n'kutseka chitseko.

Tsopano ndikuuze za kaseti yako mwadongosolo, chifukwa ndikudziwa kuti ufunsa ngati ndinachita zonse bwinobwino.

Ndinatsatira pepala lako mzere ndi mzere. Ndinazimitsa makina athu, ndinalowetsa kaseti mpaka inakhala pansi, ndinayatsa. Ndinayesa maulendo 38. Pa maulendo 31 kanema anangoti mbuu, wotuwa. Pa maulendo asanu anaonetsa mizere yobiriwira. Kawiri kokha mndandanda wa masewera unaoneka, koma nditangokhudza batani zonse zinauma. Leszek anaima kumbuyo kwanga maulendo onsewo, manja ali m'khwapa, akupuma ngati munthu wokwera masitepe.

Makina a ku Japan atafika mtima unakhala pansi, chifukwa m'menemo kaseti yako inayaka ulendo woyamba womwe. Koma munali masewera 2,140, ndipo dzina lenileni la Kamwaye sindilidziwa. Ukukumbukira kuti pa kaseti yachikasu anamatapo chithunzi cha msilikali wonyamula mfuti, pomwe m'kati mulibe msilikali ngakhale mmodzi. Makaseti onse a pa msika anali otero. Choncho ndinatenga kope n'kuyamba kutsegula masewerawo amodziamodzi kuyambira pa nambala 1. Ndaona magalimoto, mipira, anthu omenyana, ndi zinthu zina zimene mayi wa zaka 76 sayenera kuona. Tsiku lachinayi, pa nambala 613, anatulukira. Chipewa chake chomwechija, tsache lake lomwelija.

Ndinaitana Leszek. Mwana wanga, ukanaona nkhope yake. Anakhala pansi, anapukuta m'manja ngakhale anali asanadye, anagwira chosewerera cha mabatani chija. Nyimbo inayamba. Asanakhudze batani lililonse anapendeketsa mutu ngati wamva fungo la chinthu chopserera. Pa denga loyamba penipeni Kamwaye anagwa. Anayambiranso, anagwanso. Anagwa maulendo 19 motsatizana, pa denga limene walidumpha zaka makumi atatu osaphonya. Ndiye anatembenuka n'kundiuza kuti: mama, Kamwaye akuthamanga, muuzeni aime. Ananena zimenezi kanayi, kachisanu anaponya chosewerera pa kanema.

Poyamba ndinaganiza kuti manja ake aiwala. Koma mawa lake, iye ali m'bafa, ndinatenga wotchi yanga ya kusukulu ija n'kuyeza nyimbo yoyambira. Nyimboyi ndimaidziwa kuposa nyimbo za kutchalitchi, ndipo ndinaiyezapo kale: imatha masekondi 42. Pa makina ako inatha masekondi 35. Ndinayeza katatu. Leszek sananame.

Ndinalongedza zonse m'chikwama changa chogulira zinthu n'kupita kwa Ludwik. Ukumukumbukira, amene anali ndi tebulo la makaseti pa msika, kumene unkapita Loweruka kukasinthitsa ako. Pano ali ndi kashopu kokonza mafoni pafupi ndi siteshoni, mutu wonse unayera. Ndinamuphunzitsa masamu ali mwana ndipo ndinamulepheretsa kawiri. Mpaka lero akandiona amaimirira.

Nditamuuza za 42 ndi 35 anaseka mpaka kutsokomola. Anati: aphunzitsi, inu nokha m'dziko muno ndi amene mungabwere ndi wotchi kudzasumira masewera a ana. Kenako anandifotokozera. Akuti makanema a ku Japan amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, athu kuno ka 50. Makina amene ankagulitsidwa pa misika yathu anali ongotengera a ku Japan, opangidwira makanema athu, choncho masewera onse ankayenda pang'onopang'ono. Akuti ana onse a dziko lino anakula akusewera zaulesi osadziwa, aliyense akudzitama kuti ndi katswiri. Ndinamuuza kuti ndiye kuti zisanu pa zisanu ndi chimodzi, 42 kukhala 35. Anati ee, zomwezo zimene munandilepheretsera zija.

Ndinamufunsa ngati angachepetse liwiro la makina a ku Japan. Anati zimenezo n'kuchotsa mtima wa makinawo n'kuikamo wina, ndipo mtima winawo ulibe pogula. Ndinamufunsa chifukwa chake kaseti yako ikukana makina athu. Anawatsegula ine ndikuona. M'kati munali mopanda kanthu, kathabwa kakang'ono kokha, ndipo pakati pake kadontho kakuda kowuma ngati phula. Anati: mwaona aphunzitsi, ife timati mamina. Makina onse anawapanikiza m'mamina amenewa kuti atchipe. Kaseti wamba yachikasu amainyamula, koma kaseti yatsopanoyi ili ndi ubongo wakewake, imafuna magetsi okwanira ndi mayankho olondola, ndipo maminawa amayankha ngati mmene ndinkayankhira ine m'kalasi mwanu.

Ndiye taona pamene ndaima. Makina oyenda pang'onopang'ono sakuilandira kaseti. Makina oilandira kaseti akuthamanga. Kaseti yachikasu singakonzeke, chifukwa nayonso inali ya mamina ndipo anang'ambika pakati. Ludwik wafunsa anzake a m'mizinda isanu ngati ali ndi inzake, koma angafunse bwanji chinthu chopanda dzina, chovala chithunzi cha msilikali?

Njira yatsala imodzi. Ludwik akuti makina oyambirira enieni, a 1992 ndi 1993, sanali a mamina. M'kati mwake munali tizipangizo tiwiri tikulutikulu ta miyendo yambiri, tolekana. Amayenda pang'onopang'ono ngati athu, koma kaseti yatsopano amailandira. Vuto n'lakuti kunja kwake amafanana ndendende ndi a pambuyo pake, sungadziwe usanatsegule. Wabwereka anayi kwa anthu, watsegula onse anayi: mamina okhaokha. Munthu wina wa ku Łódź ali nawo abwino m'kabati ya galasi. Ludwik atamuimbira, anayankha kuti mkazi wake angathe kum'bwereketsa koma makina ayi.

Kenako Ludwik anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati: koma aphunzitsi, inu munali nawo oyambirira. Ndinagulitsa ndine, kwa a Tadeusz achimwene anu, mu Meyi 1993, ankati ndi mphatso ya kamnyamata kolandira Ukaristia woyamba. Anapita kuti? Ndinamuuza kuti sindikukumbukira. Anati: inu? Osakumbukira? Anandinyamulira chikwama mpaka pa basi.

Ndikudziwa kumene ali, Witek. Pa chithunzi cha Khirisimasi chimene Sunniva anatumiza ali pa shelefu kumbuyo kwa Ola, lachitatu kuchokera pansi. Ndinawazindikira ndi ngodya ija yopsa ndi nsimbi yanga.

Ndisanakupemphe chilichonse, pali zinthu ziwiri zimene uyenera kudziwa.

Choyamba. Ndinakuuza kuti mu Novembala ndikukachotsa ng'ala m'diso, tsiku limodzi lokha. Si diso. Ndi mtima. Kakhomo kena ka m'kati kawuma, magazi akudutsa movutikira. Masitepe athu alipo 54, ndipo chaka chatha ndinkapuma kamodzi, pano ndikupuma kanayi. Kaseti yachikasu sinafe yokha monga ndinakuuzira. Loweruka lija ndinkaipukuta ndi sipiriti ngati masabata onse, m'maso munada, ndinagwa nayo, ndipo bondo langa linaitsamira. Nditatsitsimuka ndinapeza Leszek atagwada, osati pa ine, koma akutola zidutswa zachikasu. Zinalipo zisanu ndi ziwiri.

Opaleshoni aiika Lachiwiri pa 12 Novembala. Ndiyenera kubweza pepala la kuchipatala nditasayina pofika Lolemba pa 4. Ndikapanda kutero, malo anga apatsa wina, ine ndibwerera kumapeto kwa mzere, miyezi isanu ndi inayi. Ndinafunsa dokotala ngati mtimawu ungadikire miyezi isanu ndi inayi. Ndi mtsikana wamng'ono, ankayang'ana pa tebulo. Ndinamuuza kuti mwanawe, ndaphunzitsa masamu zaka 34, ndipatse nambala. Anati iye sangabetche ngakhale pa miyezi isanu ndi umodzi.

Ndidzakhala kunja kwa nyumba masiku 21. Masisitere osunga anthu onga Leszek anavomera kumutenga masiku amenewo. Lachinayi lapitali ndinapita naye kuti akamuone. Anakhala mphindi 25, kenako anayamba kukuwa, anagwetsa tebulo la tiyi, ndipo gogo wina wokhala kumeneko anabisala m'kabati. Sisitere wamkulu ananditengera pambali. Anayankhula mwachifundo. Anati ali ndi anthu 18 ndi manja asanu ndi atatu, ndipo ngati Leszek sangakhale pansi ndi kudya, malo ake ndi ku chipatala cha amisala, kumene adzamugoneka ndi jakisoni mpaka ine nditabwera. Ukukumbukira mmene anabwererako kumeneko chaka chimene bambo ako anamwalira. Miyezi inayi osatchula ngakhale dzina lake. Sindidzamupititsanso. Ngati zili choncho, pepalalo sindisayina.

Sisitereyo anati ndikam'bweretsa ali monga ndinamufotokozera poyamba, munthu wa maola atatu pa kanema, amulandira ndi manja awiri, ndipo kachipinda kokhala ndi soketi kalipo.

Chachiwiri ndi chovuta kuposa choyamba.

Makina aja anali ako. Amalume ako a Tadeusz anakupatsa iwe, pa tsiku lako, utavala malaya oyera. Unali ndi zaka 9. Madzulo a tsiku lomwelo Leszek anakhala patsogolo pake n'kukhala chete kwa ola lathunthu, koyamba m'moyo wake. Ine ndi bambo ako tinayang'anana. Ndinaika lamulo loti muzisewera mosinthana, theka la ola aliyense, ndipo ndinaika wotchi ya kukhitchini pamwamba pa kanema. Koma wotchi ikalira pa nthawi ya Leszek ndinkaibweza. Ikalira pa nthawi yako ndinkakuuza kuti dzuka. Unkati: mama, mwabera. Ine ndinkati wotchi sinama, ndipo iwe uli ndi mutu wabwino, pita ukawerenge.

Ndinkalemba zonse, monga ndimachitira. Kope lake ndili nalo pano. Chaka choyamba Leszek anasewera maola 1,012. Iwe maola 74. Ndinkalemba manambala amenewa ndi dzanja langa Lamulungu lililonse, ndinkawaona, ndipo sindinasinthe kanthu. Anzako akabwera ndinkawabweza pa khomo kuti Leszek asasokonezeke. Pa maulendo 12 amene makolo anaitanidwa ku sukulu kwako ndinapita kawiri, pomwe ndinkaphunzitsa mu msewu womwewo.

Ndiye tsiku lija la mu 2004, pamene unatuluka m'chipinda ndi chikwama cha ulendo, makina ali m'khwapa, zingwe zikulendewera. Unati: ichi chokha ndi changa m'nyumba muno. Ine ndinaima pa khomo n'kukuuza kuti ukatuluka nacho usadzandiitanenso mayi. Leszek anakuwa masiku 11, mpaka bambo ako anagula ena pa msika, a maminawa. Kwa zaka 20 ndakhala ndikuwerenga masiku 11 aja ngati mlandu wako. Maola 74 aja sindinawawerengepo ngati mlandu wanga.

Sabata yatha ndinatsegula kopelo kufuna tsiku limene makina anagulidwa, kuti nditsimikize mawu a Ludwik. Tsikulo ndinalipeza pa tsamba loyamba. Koma ndinapitiriza kuwerenga mpaka tsamba lomaliza. Unanena zoona, mwana wanga. Ndinabera. Sindikunena izi kuti ndigule nazo makina. Ndikanayenera kuzinena kale, popanda chofuna, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndazinena lero pamene ndili ndi chofuna.

Ndikumvetsanso chifukwa chake unatitumizira zinthu ziwiri zatsopano zodula m'malo mwa chinthu chimodzi chakale. Iwe umazidziwa bwino zinthu izi kuposa Ludwik. Mwina unadziwa kuti kasetiyo ingakane makina athu, mwina sunadziwe. Sindikufunsa.

Pali kanthu kenanso kamene sindinakuuzepo, chifukwa ndinkaona ngati n'kukumanga ndi chingwe. Pa Kamwaye, poyamba pamafunsa ngati osewera ndi mmodzi kapena awiri. Leszek amasankha awiri nthawi zonse. Kamwaye wake akagwa, imafika nthawi ya wachiwiri, wa chipewa chofiira uja. Iye amaika chosewerera pansi, manja pa mawondo, n'kudikira mpaka nthawi ya wachipewa chofiira itatha yokha. Ndinayesapo kumusewerera. Anandilanda n'kunena kuti: si zanu, ndi za Witu, mmene amakutchulira muja. Lamulo langa la kusinthana lija, m'nyumba muno amene analisunga ndi iye yekha. Ndikudziwa kuti ndakumanga nacho chingwecho tsopano. Ndikhululukire, zida zina zandithera.

Pempho langa ndi ili. Ndibwereke makina ako masiku 21, kuwonjezapo sabata imodzi yoti Leszek awazolowere ndi kuti masisitere amuonenso. Ludwik akuti ayambe wawatsegula ndi kuyesa kaseti, chifukwa ngakhale oyambirirawo ena amavuta. Wati pa khumi, asanu ndi atatu amalola. Ndamufunsa kawiri ngati nambalayo waiwerenga kapena waipeka. Wati aphunzitsi, ndaiwerenga ndithu, musandiimike pa bolodi.

Ukatumiza pa positi, phukusi lako loyamba linayenda masiku 9, lachiwiri 11. Kalatayi ndaitumiza pa yachangu, ikupeza Lachinayi kapena Lachisanu. Ukawerenga wekha uona kuti positi ikhoza kufika pa 4 penipeni kapena kupitirira. Ukulunge ndi thaulo, osati nyuzipepala. Chingwe cha magetsi usatumize, chathu chikwana. Zosewerera zonse ziwiri zibwere.

Koma Lachisanu pa 1 Novembala ndi tsiku la Oyera Onse. Anthu onse adzakhala akubwera kwawo kudzayatsa makandulo pa manda. Chaka chino sindingathe kukwera kamtunda ka kumanda ndi ndowa ya madzi, ndipo mwala wa bambo ako sunatsukidwe. Ndege yochokera kwanu ku Bergen imatera ku Gdańsk Lachinayi, ndipo sitima yobwera kuno imayenda mphindi zosakwana 50. M'chikwama cha m'manja makinawo akwana, ndayeza pa athuwa: masentimita 22 m'litali. Ukafuna kugona ku hotela monga unachitira maulendo asanu amene unabwera kuno aja, sindidzanena kanthu. Ukafuna kungowasiya kwa Ludwik osakwera masitepe athu, shopu yake imatseka 5 koloko.

Ukhozanso kukana. Ndikunena izi ndi mtima wonse. Mu 1993 sindinakufunse. Mu 2004 sindinakufunse, ndinakulamula. Lero ndikufunsa, ndipo munthu wofunsidwa amaloledwa kuyankha kuti ayi. Ukakana, undiuze msanga pa foni, mawu amodzi okha, kuti ndikauze dokotala apatse wina malo anga nthawi ikadalipo. Sindidzakutemberera, ndipo Leszek sadzadziwa.

Pepala la kuchipatala lili pa tebulo la kukhitchini, pansi pa mbale ya shuga. Ndalemba dzina, tsiku lobadwa ndi mankhwala onse asanu ndi awiri amene ndimamwa. Mzere wa pansi wokha ndi umene ndausiya.

Undiperekere moni kwa Sunniva, umuuze kuti magolovesi amene anandilukira ndayamba kuvala. Ola umupsompsone pa chipumi, ndipo ngati amasewera pa makinawo umuuze kuti agogo ake akubwereka chabe, adzabweza, ndipo tsiku lobweza adzalilemba. Mayi Halina akupereka moni. Ludwik akuti ukadali ndi kaseti yake ya mpira imene unatenga mu 1996, koma wakukhululukira.

Mulungu akusunge, akusungire nyumba yako ndi ntchito ya manja ako, kaya yankho lako likhale lotani.

Ndine mayi ako, ngati ukundilola,

Leokadia